Laputopu ya Asisi Ndaziona

Kwathu munthu akamwalira zovala zake amazichapa kaye asanazigawe. Mabulangete, zitenje, ngakhale nsapato amazipukuta ndi madzi a sopo kuti wolandira asamve thukuta la malemu. Ndiye asisi anga a Ndaziona atamwalira anachapa zonse, zinauma pachingwe, anagawa. Ine ndinalandira siketi yobiriwira imene inkandifika m'mapazi kkkk. Chinatsala ndi laputopu. Laputopu sungaiviike m'beseni.

Inagwera amalume, a Kamphinda, poti iwo ndi mwini mbumba ndiye chilichonse chokhala ndi chingwe cha magetsi chimangowagwera. Anaiyatsa pakhonde abale onse ali pomwepo. Inawala, kenako paa, nkhope ya asisi pasikirini, akumwetulira, dzina lawo lili pansi, ikudikira pasiwedi. Aaa inu! Akazi a amalume anakuwa "Mayooo wabwera!" n'kutaya lichero la mtedza. Ine ndinaseka. Maliro a asisi anga enieni koma ndinaseka mpaka amayi kunditsina pantchafu.

Amalume anadina batani lozimitsira, makinawo n'kulemba m'Chingerezi kuti musandizimitse ndikukonza zina mkatimu. Ine ndinawerenga, ndinali folomu wani.

"Amalume, akuti musazimitse."

"Akuti? Akutiyo ndani?"

N'kuitembenuza, n'kusolola batire ngati akuzula chinangwa.

Kuyambira tsiku limenelo sinayakenso bwino. Ukaiyatsa timadontho timazungulira, kuzungulira, sikirini n'kusanduka yabuluu, n'kuzima, n'kuyambiranso yokha. Ngati munthu wofuna kudzuka koma tulo tikumukokera pansi.

Amalume anagamula kuti Loweruka apita nayo kutauni akaichape. Kuchapa kwake ndi kufomata, kufufuta zonse zamkati n'kuika sisitimu yatsopano, ija imayendetsa makina onse, kuti ikayaka isamatchulenso malemu. Iwo ankafuna azionerapo mafilimu a karate.

Koma ine asisi anandiuza zina kuchipatala. Ndinawafunsa kuti zaka zonse zija munali kutauni munkatani, osabwera ngakhale pa Khirisimasi, osaimba foni. Anangoti, "Iwe, zonse zili mu laputopumo. Udzaona wekha." Basi. Mawa lake sanalankhulenso. Ndiye Lachisanu masana, anthu ali kudimba, ndinaikulunga mu siketi yobiriwira ija, chaja m'thumba, n'kutuluka. Ndinkati ndingopeza munthu anditsegulire osafufuta, ndione, ndibweze. Ndinkati pofika Lamlungu ndabwera kkkk.

Msewu unatalika kuposa mmene ndinkaudziwira. Ndinayenda mpaka ndinafika patauni ina yafumbi, ya msewu umodzi, mashopu onse penti yofanana. Pakhonde pa shopu ina panali tebulo, sipika yaikulu ngati mbiya, ndi bambo wina wa mswachi mkamwa, a Bizwiki. Iwo ndi amene ankaikira anthu nyimbo m'mafoni, komanso ankati amakonza makompyuta.

"Chemwali, nyimbo kapena mafilimu?"

"Laputopu iyi sikuyaka."

Anaiyatsa, anaona timadontho tija, anayasamula. "Iyi ndi ya fomati iyi. Muli zofunika momu?"

"Zonse."

"Zonse zake ziti?"

"Sindikudziwa, sindinazione."

"Ndiye ukudziwa bwanji kuti n'zofunika?"

Ndinailanda n'kuikulunganso. Koma kopita ndinalibe, ndiye ndinakhala. Ndinkati mwina ndikaphunzira ntchito yawoyi ndidzaitsegula ndekha. Sindikudziwa ndinakhala nthawi yaitali bwanji, mango anapsa n'kutha ndili pomwepo.

Anandiphunzitsa zonse zimene ankadziwa, ndipo zimene ankadziwa zinali chinthu chimodzi kkkk. Umatenga fulashi yokhala ndi sisitimu, n'kuilowetsa, n'kuyatsa makina uku ukudina batani la pamwamba kangapokangapo ngati ukugogoda pakhomo pa munthu wogontha. Ikavomera umasankha chilankhulo. Kenako umafika pamene amaonetsa magawo a hadi disiki, nkhokwe ija yosungamo zonse. A Bizwiki ankati pamenepo ndi pamanda. Umadina fufuta, imakufunsa ngati watsimikiza, umati eya. Ndiye umadikira mzere wobiriwira udzaze. Ikatha makinawo amabadwanso koma osalankhula, osamva, zithunzi zikuluzikulu ngati zotupa, mpaka uwaikire madalaiva, timapulogalamu touza sipika kuti ndiwe sipika, sikirini kuti ndiwe sikirini.

Matenda alionse mankhwala ake anali omwewo. Ikuchedwa? Fomati. Ikutentha? Fomati. Mausi yathyoka? Fomati kaye tione. Agogo ena anangobwera kudzafunsa njira ya kuchigayo, anatsala pang'ono kufomatidwa kkkk.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena achikulire ndi kompyuta yawo atainyamula panjinga. A Bizwiki anafunsa mwachangu, maso ali kwina, "Muli zofunika momu?" Aphunzitsiwo anachita manyazi kuoneka osadziwa, anangoti pangani mmene mumapangiramo achimwene. Madzulo anabwera kudzatenga. Inayaka bwinobwino, yachangu. Anayang'ana, anayang'ana.

"Nanga buku langa lija?"

"Buku liti madala?"

"Ndakhala ndikulemba mbiri ya mpingo wathu. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi."

A Bizwiki anachotsa mswachi mkamwa. "Ndinakufunsanitu."

Aphunzitsi aja sanakalipe. Anamangirira kompyuta yawo panjinga bwinobwino ndi lamba wa labala, anathokoza, n'kumapita akukankha, osakwera. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti funso lija silopulumutsira zinthu ayi. Ndi loti pambuyo pake udzanene kuti ndinakufunsanitu.

M'mawa wina ndikuchokera kumjigo ndinapeza siketi yanga yobiriwira ili pansi, laputopu ya asisi ili patebulo, fulashi yalowa kale, chala cha a Bizwiki chikugogoda batani lija.

"Ndimati ndikudzidzimutse, uzionerapo mafilimu ngati anzako. Wanyamula mtembo nthawi yaitali iwe."

Ndinawathira ndowa yonse m'miyendo kkkk. Ndinatseka laputopu n'kuthawa, fulashi yawo ili momwemo. Ndi mmene ndinapezera chida changa. Ndinaiboola kothera n'kuimanga m'khosi ndi ulusi.

Kenako inali midzi. Mudzi wina, kenako wina wofanana nawo, kungoti mtengo wapabwalo uli mbali ina. Sindikudziwa anayamba ndani koma mbiri inkanditsogolera. Ndikafika ana ankathamanga kukanena kuti wabwera uja wochapa. Poti masiku ano malemu ambiri amasiya makina. Mlangizi wa zaulimi, namwino, mwana amene anali kukoleji, amene anamwalira ku Joni n'kubwera m'bokosi limodzi ndi chikwama chake. Ndipo makina onse amenewo ukawayatsa amatchula mwini wake. Palibe amene ankafuna kupatsidwa moni ndi malemu.

Zinkachitika mofanana. Zovala zili pachingwe zikudontha, ine ndili pamphasa pansi pa mtengo, batire ya galimoto pambali, abale atazungulira chapatali ngati makinawo aluma. Ndimafunsa funso lija. Amayang'anana, wamkulu n'kuti chapa. Ndimachapa. Ndikatha ndimalemba dzina la mwini watsopano, n'kumufunsa chithunzi choti chizioneka pasikirini. Ena ankafuna timu ya mpira, ena mtanda, wina anafuna ndege ngakhale sanakwerepo kkkk. Kenako ankandipatsa madzi osamba m'manja a masamba ena onunkhira, n'kundikhazika pamodzi ndi adzukulu okumba manda kuti ndidye nawo. Atsikana anzanga sankandigwira dzanja.

Pamudzi wina wa nthochi zambiri anandiitana mayi wamasiye, a Nagama. Anali okha m'nyumba, atauza abale kuti adikire panja. Amuna awo anali mlangizi, makina awo analibe ngakhale pasiwedi, anangotseguka. Ndinalowa kuti ndione ngati muli zoti ndisamutse. Munali foda ina mkati mwa foda ya feteleza. Zithunzi. Mayi wina woyera, ana awiri, mlangizi uja atanyamula wamng'ono paphewa akuseka mano onse.

"Muli zofunika momu amayi?" Mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye.

"Iwe waona chiyani?"

"Palibe. Za feteleza zokhazokha."

"Ukunama mwanawe, koma zikomo. Chapa."

Ndinachapa. Mzere wobiriwira unadzaza. Nditawafunsa za chithunzi cha pasikirini anati ika chopanda munthu. Ndinawaikira buluu wokhawokha. Ndikumanga katundu analoza siketi ija.

"Nanga iyo wakulunga ngati khandayo?"

"Ya asisi anga. Ndikufuna ndione zamkati kaye."

"Ichape usanaone. Ine ndikukuuza."

Ndinaseka kkkk, ndinati asisi anga sanali mlangizi. Iwo sanaseke.

Ya asisi ndinkaiyesa paliponse pamene ndapeza moto. Timadontho, buluu, kuzima. Ndinkalowetsa fulashi yanga mpaka kufika pamanda paja, ndikuona magawo a hadi disiki, akuonetsa kuti ndi odzaza pang'ono, zinthu zilimo ndithu. Koma fulashi ya a Bizwiki inkadziwa njira imodzi yokha, ya fufuta. Ndinkayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuzimitsa. Zinali ngati kuima pawindo la nyumba yanu usiku wa mvula ukuona nyale mkati koma kiyi amene uli naye ndi machesi.

Panali sukulu ina paphiri imene inali ndi makompyuta makumi awiri operekedwa ndi azungu, onse atafunditsidwa nsalu ngati odwala. Ahedi sankalola kuwayatsa kuopa angaonongeke, ankangowavundukula kukabwera alendo. Komanso makompyutawo ankalankhula chilankhulo chimene ngakhale aphunzitsi a Chingerezi sankachimva, zilembo zina zili ndi timadontho pamutu. Ahedi atavomera ndinawachapa onse makumi awiri n'kuwaphunzitsa Chingerezi kkkk. Tsiku limene ndinamaliza magetsi anazima. Atabwera anabwera ndi ukali, ndipo chaja ya asisi inali pakhoma. Inangoti thuu, kafungo ka pulasitiki. Kuchokera apo ngakhale timadontho tija sindinationenso. Dzinja lonse ndinayenda ndi chinthu chakuda, chozizira, cholemera.

M'basi ina, pakati pa tauni ya mlatho ndi tauni ya fodya, mayi wina wa nkhuku pamiyendo anandiyang'anitsitsa.

"Iwe si mwana wa Nankhoma iwe? Wakulatu."

Nankhoma ndi amayi anga. Ndinangoti eya.

"Amako akumangokhala pakhomo. Chiliza cha mkulu wako sichinamangidwebe, amalume ako akuti sitimanga katundu asanathe kugawidwa. Manda angoti mulu wadothi, mvula ikukokolola. Simenti anagula inauma m'matumba. Iwe ukuyendayenda ndi chiwailesi cha malemu."

"Si wailesi."

"Kaya ndi chiyani. Amako akuti bweza mwana wawo agone."

Apa sindinaseke. Ndinatsika pasiteji yotsatira ngakhale sikunali kumene ndinkapita, n'kukhala pamwala. Ndikanatha kubweza tsiku lomwelo. Koma ndikabweza, amalume akaipereka kwa a Bizwiki ena, ndipo zonse zija asisi anati ndidzaona ndekha zikapita ndi mzere wobiriwira. Ndinasankha kuti amayi adikirebe. Inde, ndinasankha ndine, musandiikire kumbuyo.

Tauni yomaliza inali yapamalire, ya msika waukulu, anthu akulankhula zilankhulo zitatu m'chiganizo chimodzi. Kuseri kwa ogulitsa matayala kunali kakontena, mkati muli mayi wamagalasi okhuthala, a Nangozo, akuwotcherera waya, utsi uli kumaso. Tebulo, sipika, zonse ngati kwa a Bizwiki, kungoti sipika yawo inali yotsegula mimba. Ndinaika laputopu patebulo ndikudikira funso lija. Sanafunse.

"Ukufuna kukonza kapena ukufuna kuona?"

"Kuona."

"Nanga bwanji ukunjenjemera ngati waba?"

"Ndinaba."

"Aa chabwino. Ndipatse dengu ilo."

M'dengu munali machaja opiringizana ngati njoka. Anasolola imodzi, inalowa. Timadontho tija tinabwerera, ndinatsala pang'ono kutipatsa moni kkkk. Anaona fulashi ya m'khosi mwanga n'kufwenthera.

"Imeneyo ndi ya ogwetsa nyumba. Taona iyi."

Anatulutsa ina yakuda, yong'ambika. Anati mmenemu muli sisitimu yobwera ngati mlendo. Simanga, sigwetsa, imangokhala pafulashi pomwepo n'kusuzumira m'zipinda. Ukaichotsa imapita osasiya phazi. Analowetsa, anagogoda batani lomwe lija ndakhala ndikugogoda zaka zonsezi, n'kusankha pamene palembedwa kuti yesani osaika. Sikirini inawala mtundu wachilendo. Anadina kachithunzi ka hadi disiki. Inatseguka.

Mphindi zisanu. Zaka zonse zija, midzi yonse ija, madzi a masamba aja, mphindi zisanu kkkkk. Ndinaseka mpaka misozi, a Nangozo anati ukandinyowetsera kiyibodi ndikutulutsa. Ananditembenuzira makinawo n'kubwerera kuwaya wawo.

Ndinayamba ndi foda ya zithunzi. Munali zinayi. Satifiketi ya folomu folo, dipuloma, chitupa, ndi chithunzi chija chomwetulira cha pasikirini. Ya nyimbo munalibe kanthu. Ya mavidiyo munalibe kanthu. Panali foda imodzi yokha yolemera, dzina lake Ntchito.

Makalata. Ndinatsitsa, kutsitsa, osatha. Makalata ofunsira ntchito. Kubanki, kumabungwe, kusukulu zapulaiveti, kumahotela. Sabata iliyonse kalata, nthawi zina zitatu, zaka zisanu ndi chimodzi. Ina inalembedwa pa Khirisimasi penipeni, tsiku limene ife tinapha nkhuku n'kuwasungira ntchafu tikumati ali bize kuofesi. Ofesi yake iti. Ofesi ija ya mpweya wozizira imene amayi ankanyadira kumjigo kunalibe. Chithunzi chomwetulira chija anajambulitsa kuti aziika pamakalata.

Oyambirira anali aatali, Chingerezi chake chonyada, ndine wakhama, ndinapambana bwino, ndidzathandiza kampani yanu kukula. Chaka ndi chaka ankafupika. Kenako anayamba kupita kumashopu, kumalo omwetsera mafuta, kunyumba za anthu zofuna wolera ana. Omalizira anali mizere itatu. Dzina langa ndi ili. Ndikupempha ntchito iliyonse. Ndikhoza kuyamba mawa.

Pamwamba pali pofufuzira. Ndinalemba dzina langa. Palibe. Ndinalemba lachidule limene ankandiitana. Palibe. Ndinalemba amayi. Palibe. Ndinalemba dzina la mudzi wathu, linatuluka paliponse, koma pamzere wa kumene mumachokera basi.

"Wapeza?" a Nangozo anafunsa osatembenuka.

"Ndapeza."

"Golide?"

"Makalata."

"Ayankhidwa angati?"

Ndinayang'ananso. Foda ya mayankho inalipo, asisi anaikonzeratu. Munali mbee.

A Nangozo anazimitsa chowotcherera chawo. "Usalire apa, pali magetsi. Kalire panja ubwere."

Sindinalire. Ndinakopera foda yonse pafulashi ya m'khosi ija. Kenako ndinaichapa ndekha laputopuyo. Nditafika pamanda paja inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinati eya, chala chinazolowera. Ndinaika madalaiva onse, sipika inalira bwino. Ndinalemba dzina la amalume, a Kamphinda, zilembo zikuluzikulu mmene amakondera. Ndinawaikira ndi karate yemwe. Ndinaikulunga m'katoni n'kupatsa kondakitala wa basi yopita kwathu, ndi kapepala ka amayi koti mangani chiliza, yachapidwa. Zoti munali chiyani sindinalembe. Kumjigo azinyadirabe.

Ineyo sindinakwere. Ndikakatani kumudzi, wochapa za malemu, wothawa folomu wani, amene anasiya manda a mkulu wake akukokoloka? A Nangozo anati kontena yawo ndi ya munthu mmodzi, ndipo sankanama, ngakhale mpando wachiwiri munalibe. Koma anandilola kukhala pakompyuta yawo mpaka dzuwa lipendeke.

Ndinatsegula kalata ya asisi yoyambirira, yonyada ija, poti ine Chingerezi chotero sindingachilembe. Ndinafufuta dzina lawo n'kulemba langa. Ndinasintha chaka chobadwa. Pamene pali dipuloma ndinafufuta, ndilibe. Pamene pali folomu folo ndinafufuta. Ndinapambana bwino, ndinafufuta. Ndinkati ndilembe kuti ndimadziwa kuika sisitimu, a Nangozo anati ayi, akakufunsa pepala lake uwaonetsa chiyani, fulashi yakuba? Ndinafufutanso. Ndinkangofufuta, kalata ikukwera m'mwamba, pansi pakuyera.

Inatsala mizere itatu kkkk.

A Nangozo anaiwerenga atayandikitsa magalasi. "Ndikusindikizire makope angati?"

Ndinati ayambe ndi khumi. Akuti tauni ya kutsidya kwa mtsinje ili ndi maofesi ambiri.